Zala pa Njerwa

Anandiitanira chiswe m'tchalitchi muja.
Mabenchi asanu ndi awiri miyendo yadyeka,
chitseko cha kumbuyo chikukwekwesa pansi
ngati munthu wa nyamakazi.
Ndinakwera Lolemba, nkhungu isanatsike paphiri,
sowo paphewa, misomali m'chitini cha mkaka,
kudutsa maofesi akale a boma
amene malata ake afiira ngati mano a wosuta chingambwe.

A Makwinja anatsegula ndi kiyi wotalika ngati chipande.
"Vulani chipewa, amisiri,
Mwini nyumba sachoka ngakhale Lolemba."

M'katimo fungo la kandulo, la mileme,
la mabuku a nyimbo amene anamwa chinyezi cha Zomba.
Pakhoma pali mkuwa wopukutidwa Loweruka lililonse:
msilikali, kalaliki wa boma, khanda la miyezi inayi,
azungu amene malungo anawatsekereza kuno.
Ndinayesa kutchula dzina limodzi,
lilime linandikanika.

Pogwada kuti ndizule benchi lomalizira
ndinaona pamene pulasitala inagamphuka.
Njerwa yofiira, ndipo pa njerwapo zala zitatu
zodinda bwinobwino,
chapakati chopindika pang'ono.
Ndinaikamo zanga. Zinasefukira.
Anali mwana ameneyu, kaya mayi wochepa thupi,
anainyamula isanaume,
mwina kapitawo akukuwa kuti mvula ikubwera.

Dothi analipondera kuti? Kumunsi ku Likangala?
Anamulipira mchere kodi, kapena mkono wa nsalu?
Nanga denga litatha, belu litalira koyamba,
analowa n'kukhala pansi,
kapena anamvera nyimbo ali panja, pansi pa mtengo,
manja akadali ndi matope m'zikhadabo?

"Zilipo zambiri," anatero a Makwinja akusesa.
"Kuseri kuli ina ya phazi la mbuzi.
Alendo amajambula mawindo okha."

Masana ndinakhala pakhonde ndi mbatata yootcha.
Belu la Akatolika linalira cha uko,
patapita nthawi mzikiti wa m'tauni unaitana ake,
minibasi ya ku Chinamwali ikulimbana ndi chitunda.
Maluwa a jakaranda anagwera m'tiyi wanga,
ndinawavuula ndi chala, ndinamwa.

Lachinayi ntchito inatha.
Miyendo yatsopano ndi ya paini wa paphiri pomwepa,
sadzafika zaka za mlombwa umene ndinachotsa,
zimenezo ndinawauza.
Msungichuma akuti ndalama ndidikire mwezi uthe.

Ndisanaimike benchi lomaliza lija
ndinaviika chala chachikulu m'vanishi,
ndinadinda kunsi kwa thabwa,
moyang'anizana ndi njerwa ija,
kumene palibe amene amapukutako.

A Makwinja anaona. Sanalankhule.
Anangondipatsa kansanza kopukutira,
n'kupita kukatseka mawindo,
poti mitambo inali itayamba kale kutsetsereka ku Mulunguzi.