Mawu Zana ndi Makumi Asanu

Kalata inabwera m'chikwama cha Ulemu,
yopindika pakati pa buku la masamu ndi khoko la nthochi:
pakufunika kholo limodzi m'komiti yoyendetsa sukulu.
Dzifotokozeni, inatero,
m'mawu osapitirira zana ndi makumi asanu.

Ndinaiwerengera m'basi ya sikisi koloko m'mawa
ndikuchokera kosambitsa nkhalamba za eni ake,
m'manja mukumvekabe sopo wa kuntchito,
Bolton yense ali m'mvula yake ija
yosagwa kwenikweni, yosakatanso,
yongokulondola ngati ngongole.

Mawu zana ndi makumi asanu!
Kwathu amenewo ndi malonje chabe,
madzi akumwa asanabwere n'komwe.

Ndilembe chiyani?
Kuti a e i o u ndinamudziwira ku Mponela
tili ana zana ndi mphambu m'kalasi imodzi,
buku limodzi, mitu isanu ndi umodzi,
ine wochedwa kufika n'kumaona zilembo chadodolido?
Kuti mpaka lero pepala lili m'manja mwa bwana
ndimaliwerenga ndili tsidya lina la tebulo?

Ndinafufuta.
Ndinalemba za ndowa zitatu za m'holo
zimene zimayankhira ana akamaimba,
za Mayi Entwistle amene ankakhala pambali pa mnyamata wachibwibwi
kudikira naye liwu lililonse mpaka lituluke,
kufikira bajeti inawameza chaka chatha;
za laibulale yosanduka mosungira mipando yothyoka,
za ana amene Lolemba m'mawa
amadya buledi wa kusukulu mwaliwiro lodandaulitsa.
Dziko lolemera nalonso limadontha,
kungoti limadontha mwakachetechete.

Mnzanga wa kutchalitchi anati,
Nachisale, mlendo ndi mame, za eni dziko zisiye.
Ndinati mame anji olipira msonkho wa khonsolo
zaka khumi ndi chimodzi osakamuka?
Sukulu ya boma ilibe mwini wina.
Mwini wake ndi aliyense wofika pageti
atagwira kadzanja kozizira.

Ndinaima pagetipo sabata ziwiri, tulo tili m'maso.
Ulemu ankandilambalala ngati sandidziwa.
Shabnam anatembenuzira mawu anga m'chilankhulo chakwawo
n'kuwamwaza pa foni kwa amayi anzake.
Grzegorz anati dzina langa limamuthyola lilime
koma kuchonga pepala sikufuna lilime.
Wopikisana nane, Bambo Whittaker, wowerengera ndalama,
amene agogo awo anaphunzira m'makalasi omwewa,
ankandifunditsa ambulera yawo
tikulimbirana makolo omwewo.

Lachisanu mlembi anang'amba maenvulopu muofesi.
Makolo mazana anayi,
ovota zana limodzi ndi awiri basi.
Zimenezi zinandiwawa kuposa mmene kugonja kukanandiwawira.
Makumi asanu ndi atatu anga,
makumi anayi ndi asanu ndi anayi awo.
Anandigwira chanza, nati Loweruka ndipite ndi kope
akandionetse kumene manambala amabisa mano.

Msonkhano woyamba, usiku wa Lachiwiri,
tinakhala pa timipando ta ana, mawondo kukhosi,
tiyi wozizira, mulu wa mapepala,
mawu odulidwa mitu ndi michira
amene aliyense ankagwedezera mutu kupatula ine.
Kunja kwa chitseko, m'holo yamdima,
ndowa zinali pantchito: tho, tho.

Wapampando, tsidya lina la tebulo,
anali ndi pepala limene ife sanatigawire.
Maso anga anapita okha, monga kale ku Mponela.
Mzere wachisanu ndi chiwiri, chadodolido:
denga, lidikire chaka chamawa.

Anati, ngati palibe china titseke.

Shifiti yanga imayamba naini koloko,
basi inali itatsala mphindi khumi.
Ndinakweza dzanja.