Mlendo Amene Si Mame

Lachiwiri helikopita ikatera
ndimaipatsa bokosi lozizira,
ngati kuti ku Greenland kuno kuzizira n'kosowa.
M'katimo muli timabotolo khumi ndi tiwiri,
kalikonse ndi nambala yake, dzina ayi.
Koma ine ndine namwino wa pano,
nambala seveni ndikumudziwa:
ndi Qupanuk, wa mpata m'mano,
amene anaseka chikhakhali pofinya bere lake
nati, "Navarana, kodi ku Copenhagen
ng'ombe zawathera?"

Yankho linabwera dzuwa litasiya kutuluka.
Analibweretsa yekha Dokotala Kragh,
mayi wamtali, magalasi ochita nkhungu,
natsegula kompyuta pa tebulo langa la katemera.

Mu mkakamo, akuti, muli alendo.
Mafuta a m'mathiransifoma akale.
Mankhwala opopera thonje
kumaiko kumene Qupanuk sanapondeko.
Zopaka m'mapoto kuti dzira lisamatirire,
zothira m'mipando kuti isagwire moto.
Kotentha zimauluka, zimakwera mphepo,
zikafika kwathu kuno zimagwa ndi chisanu
n'kukana kudzukanso.
Kansomba kameza, nsomba yameza kansomba,
katumbu wa m'nyanja wameza nsomba,
mafuta ake asunga zonse mosataya,
ndipo Ulloriaq, mwamuna wabwino,
wakokera nyamayo pakhomo, agalu akuwefuka.

Ndinafunsa kuti zimapha bwanji.
Anavula magalasi. Sizithamangira kupha, anatero.
Thupi lili ndi amithenga ake, mahomoni,
oyenda m'magazi kunong'oneza:
kula tsopano, dikira kaye, yamba kusamba, gona.
Izi zimavala malaya a mthenga,
zimati odi ndi mawu a pachibale,
chithokomiro n'kuyankha kuti lowani.

Kenaka anandionetsa mapu a kafukufuku.
Kadontho kalikonse ndi pepala la akatswiri:
ku China bii, ku America bii, ku Ulaya bii,
mzere wa zaka ukukwera osapuma.
Kwina mapu ali mbee,
osati poti kulibe poizoni,
koma poti kulibe woyeza.
Akaletsa mankhwala amodzi, akuti,
m'mawa mwake kwabwera msuweni wake
atasintha chilembo chimodzi pa dzina.
Ife tinali pa tsamba lachisanu ndi chinayi,
m'munsi, m'tizilembo tofuna kutsinzinira.

Amati mlendo ndi mame.
Uyu wayala mphasa m'mafuta a munthu.

Qupanuk anabwera Lachisanu, mwana kumsana
m'chovala chake cha chikopa.
Za mapu sanafune kumva.
"Ndisiye kuyamwitsa?"
Ndinaganiza za mkaka wa m'chitini ku sitolo,
mtengo wake, sitima yodikira madzi asungunuke,
botolo lake lomwe la pulasitiki.
Ndinaganiza za amayi anga
amene anandilera ndi nyama yomweyo
ndipo ndili pano, ndikuwerenga manambala.

"Usasiye," ndinatero. Dokotala anateronso.
"Koma mafuta a namgumi uchepetseko."
Anandiyang'ana nthawi yaitali
monga muyang'anira munthu wokuuza
kuti uchepetseko kupuma.

Mwana analira. Anamutsitsa, namuika kubere.
M'chipinda munangomveka kumeza,
kumeza, ndi jenereta kunja.
Ine ndinatenga kabotolo kena kopanda kanthu,
cholembera chitauma ndi kuzizira
ndinachipumira mpweya kawiri,
n'kulemba seveni,
chaka chachiwiri.