Zitsime za Isake ku Khonjeni

Bambo anga, a Mukhova, ankakumba zitsime,
chingwe m'chiuno, khasu la mpini waufupi,
ine pamwamba ndikukoka ndowa ya dothi lofiira
lomwe limakakamira m'zikhadabo mpaka Lamulungu.

Kuwerenga sankakudziwa bwino,
koma nkhani imodzi ankaidziwa ngati njira ya kudimba:
ya Isake, kholo lija la Ayuda,
mwana amene anagonekedwa pa nkhuni n'kudzukapo wamoyo.
"Abrahamu anayenda, Yakobo analimbana," ankatero,
"koma wapakatiyu ankangokumba."

Choyamba tinakumba m'malire mwa esiteti ya tiyi.
Masabata atatu. Madzi atangotumphuka
kunabwera mlonda wa jombo zatsopano, pepala m'manja,
akuti mapu akunena kuti pano m'pa kampani.
Ine ndinatola mwala.
Bambo anandigwira dzanja osandiyang'ana n'komwe.
"Isake nayenso anamulanda.
Anachitcha Mkangano, n'kusenza khasu."

Chachiwiri chinali kuseri kwa nthochi za a Namphungo,
achibale athu, magazi amodzi.
Ndi omwewo anaponyamo galu wakufa usiku
chifukwa cha mizere iwiri ya chinangwa.
Bambo anaima pamphepete nthawi yaitali,
nsagwada zikunjenjemera.
Musaganize kuti analibe mkwiyo.
Ndinawamva usiku umenewo kuseri kwa khola
akukangana ndi Mulungu m'Chilomwe,
chinenero chomwe ankasungira zinthu zolemera.
Kutacha ananola khasu.

Ndinawafunsa, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu
komanso mtima wotentha ngati mbaula:
kodi si mantha amenewa?
Kumsika wa Luchenza akutiseka.
Anamaliza kaye kutafuna mzimbe wawo.
"Wolanda chitsime walanda dzenje," anatero.
"Madzi sadziwa mapu.
Iwe ukamenya munthu, dzanja litupa,
ndiye mawa andikokera ndowa ndani?"

Chachitatu tinapita pomwe panalibe wopafuna,
pamtunda wa miyala, kufupi ndi njanji.
Chiperoni chinatipeza pomwepo,
nkhungu kumeza phiri, zala kuuma,
thanthwe kubweza chitsulo tsiku ndi tsiku.
Odutsa ankasuzumira:
"A Mukhova, mukudzikumbira manda?"
Pansipo ankangoyankha ndi chifuwa.

Tsiku la makumi anayi ndowa inabwera yolemera mwachilendo.
Mchenga wonyowa.
Sanafuule.
Ndinangomva kuseka kwapansipansi kukukwera ndi chingwe,
ndipo ndinakumbuka zomwe anandiuza,
kuti dzina la Isake limatanthauza kuseka.

Palibe anabwera ndi pepala.
Palibe anabwera ndi galu.

Chaka cha chilala, zitsime zina zitauma,
a Namphungo anafika mbandakucha ndi zigubu ziwiri,
maso ali pansi.
Ine ndinali nditasunga mawu zaka zinayi,
akuthwa, okonzeka.
Bambo anangonditambasulira chingwe.
"Atungire. Uwadzazire mpaka pakamwa."
Ndinatunga, koma sindinama,
mtima wanga sunatunge nawo tsiku limenelo.

Tsopano iwo anagona, kumanda a pansi pa mibawa.
Mvula ya chaka chatha inagumula mtunda,
matope anakwirira chitsime, nyumba yanga ndi mbuzi zitatu.
Sabata yathunthu ndinangokhala pa njanji
osapemphera, osalira, osadya bwino.

Kenako ndinakumbuka mbali yomwe sankaikonda kuinena,
mwina poopa kundisenzetsa katundu:
Isake asanakumbe zake,
anayamba wafukula zitsime za bambo ake
zomwe adani anazikwirira,
n'kuzitchulanso mayina awo akale.

Lero ndili pansi, mikono isanu ndi umodzi.
Thambo lasanduka kakobiri koyera pamwamba panga.
Mwana wanga Nachuma ndiye akukoka ndowa,
akudandaula kuti chingwe chikumudula m'manja,
akufunsa ngati madziwo alipodi.

Sindikudziwa, mwanawe.
Dothi likadali louma.
Tsitsa ndowa.