Nkhoswe m'Kabokosi

Zaka khumi ndi zinayi ndikudula kapeti wa pulasitiki
pa Taifa, moyang'anana ndi ogulitsa mapaipi.
Anthu amalowa, nakoka mpweya, nati:
"Ee, fungo la chatsopano!"
Ine fungolo ndimapita nalo ku Chiputula m'malaya,
ndimagona nalo kuseri kwa maso.

Dokiso, mwana wa eni nyumba, ndiye anandifunsa m'mawa wina wa nkhungu:
"Kapeti uja munayala pakhomo kalekale,
bwanji lero akuthetheka ngati fodya wouma?"
Ndinati wakalamba.
Iye anati ayi, wathawidwa.
Muli mafuta ena amene amathiramo
kuti pulasitiki afewe, azipindika osathyoka.
Mafutawo sanamange banja m'menemo, ndi alendo chabe;
dzuwa likawotcha malata amanyamuka pang'onopang'ono,
opanda utsi, opanda kutsazika.
"Nanga amapita kuti?"
Anandiloza pamphuno.

Sabata yotsatira anatsika pa kabaza atafungatira kabokosi
ka matabwa a ku Chikangawa.
M'kati: kafani kozula mu kompyuta yakufa,
kababu kowala ngati maluwa a jakaranda,
ndi sefa ya waya yopakidwa ufa woyera
wonga laimu, koma dzina lake linandikola lilime.

"Ufawu sumeza kanthu, a Chimbalanga.
Kuwala kukaugunda, umamugwira mkono mlendo uja,
kumukumanitsa ndi mpweya tikupumawu.
Amaduka, nadukanso,
mpaka chotsala ndi chinyontho
ndi mpweya wonga umene mumatulutsa mukausa moyo.
Ufawo umatsala momwe unalili."

Ndinaseka. Ndinakhalapo nkhoswe ine, kawiri konse,
kuno amati thenga.
Umakhala pakati, eni ake akulavulirana moto,
mpaka nkhani itaphwanyika tizidutswa totheka kunyamula,
iwe n'kubwerera kwanu ndi jekete lomwe lija,
wopanda mkazi, wopanda ng'ombe.

Koma Dokiso sakonda miyambi. Amakonda manambala.
Lachisanu lililonse amasolola kachubu kuseri kwa bokosi
kukayeza ku Luwinga, nabwera ndi kope:
apa atsika,
apa sanatsike,
apa magetsi anazima masiku awiri,
apa fumbi la Okutobala linakwirira ufa, nkhoswe inagona tulo.
Tsiku lina anabwera nkhope ili ndwii.
Akuti mlendo akungoduka pakati basi,
ndipo theka lakelo nalonso si la mtendere.
Anachepetsa liwiro la fani.
"Asamadutse chothamanga. Mlandu wothamangira sutha."
Ndinamuyang'ana. Umenewo si mwambi?
Anapitiriza kumanga sikuluwu.

Mutu umandipwetekabe masiku ena, ndisaname.
Kaya ndi mafuta aja, kaya ndi ngongole ya katundu wa ku Kyela.
Koma mvula yowaza ikatitsekera m'mashopu
ndimakamva kabokosi kakung'ung'udza pakati pa mipukutu,
kakuweruza milandu ya anthu osaoneka,
kosalandira ngakhale nkhuku.

Dzulo kunabwera mayi wina wa ku Zolozolo,
akufuna mamita atatu, wa maluwa ofiira.
Anaima pakhomo, nanunkhiza, nanunkhizanso.
"Muno simukumveka fungo la chatsopano.
Katundu wanuyu si wa kaunjika?"
Ndinalumbira, ndinamuonetsa malisiti,
ndinayamba kufotokoza za ufa ndi alendo,
iye akungoyang'ana shopu ya mnzanga.

Ndinamutsitsira faifi handiredi.