Mpweya Wolowera Kuseri

Sienta ya Twaibu yabweranso,
anyamata awiri akuikankha kuchokera pa mlatho.
Akuti ikaima pa rodibuloko imanjenjemera
ngati munthu wa malungo,
kenaka zii, apolisi akuyang'ana.
Koma ikagwira msewu wa ku Namwera
imakwera mapiri ngati sinadwalepo.

Mapulagi wasintha kwa Che Bwanali.
Pampu ya mafuta wagula pa msika
ndi ndalama ya fizi ya mwana.
Wina wati ndi petulo wa m'zigubu.
Wina wati, anzako pa siteji sakugonera tulo.

Ine ndati, tsegula boneti, utseke pakamwa.

Taona apa, kuseri kwa sefa ya mpweya,
kabokosi kakuda, kosaposa ka machesi.
M'kati mwake muli kawaya konga tsitsi,
kamakhala kotentha injini ikamalira.
Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa,
ndipo kuzizirako ndiko kuwerenga:
kamauza kompyuta kuti walowa wochuluka bwanji,
kompyuta n'kupungula mafuta a mlingo womwewo.
Ndi mlonda wa pakhomo ameneyu.
Za ngongole yako sazidziwa.
Amangowerenga.

Ukukumbuka sadaka ya amalume ako kwa Mponda?
Pa geti anawerenga anthu makumi asanu ndi atatu,
mpunga n'kuphika wa anthu amenewo.
Koma mpanda wa kuseri unali ndi chiboo.
Mbale zomaliza zinafika ndi fungo lokha,
ndipo wotukwanidwa anali wophika.

Ndiye tchera khutu.
Siya nyimbo zija, zimitsa wailesi.
Wamva? Tsiii,
pansi pa paipi iyi, pomwe labala yapinda bondo.
Dzuwa lathu lino silimvera chisoni labala,
limaiwamba chaka ndi chaka mpaka ing'aluke,
kamng'alu koti chikhadabo sichingalowe.
Apa ndi pomwe akulowera osaitanidwa,
kumbuyo kwa mlonda, opanda dzina m'kaundula.
Injini ikaima chilili, khomo limakhala lotseka,
imakoka mwamphamvu, mpweya wowerengedwa ndi wochepa,
wakubayo ndiye amachuluka, mafuta n'kuperewera.
Ukaponda moto khomo limatseguka lonse,
ndipo mbava imasowa m'chikhamu.

Sukukhulupirira, ndikuona nkhope.
Dikira ndipopere mankhwala otsukira pa mng'alupo.
Wamva mmene yakwezera mawu,
ngati mwana amene wapatsidwa chakudya mwadzidzidzi?
Yadziulula yokha.

Ukuti tigule sensa yatsopano?
Wapalamula chiyani mlondayu?
Zoona, ali ndi fumbi m'maso,
fumbi la ku Makanjira lomwe sefa yako yong'ambika
yakhala ikulilandira ndi manja awiri.
Kawaya kakavala fumbi sikamva bwino mphepo,
kamawerenga khumi pomwe adutsa khumi ndi awiri.
Timutsuka, koma chotsa chala chakocho.
Nsanza ayi, bulashi ayi.
Kupopera chapatali, n'kumusiya aume yekha
pa mthunzi wa mlambe apo.

Paipi ndachotsa ku galimoto ija inagwa pa Chowe,
eni ake sanabwerenso.
Ndamanga zolimba. Liza.

Tonse tili chete, ngakhale okankha aja.
Singano yaima pamalo amodzi.
Botolo la madzi ndaliika pa boneti,
madzi ake sakugwedezeka.
Ku mzikiti ayamba kuitana swala ya masana
ndipo tikumva liwu lililonse, injini ikulira.

Twaibu wafunsa mtengo, ndamuuza,
waseka kuseka kowawa,
poti sikufika ngakhale theka la pampu ija.
Watola paipi yakaleyo m'fumbi,
waipinda, kamng'alu kayasamula.
Akuti apita nayo kunyumba
akaonetse mayi a Asiyatu
pomwe panalowera fizi ya mwana.