Chishalo Chopendekera

Lamlungu m'mamawa, Asmara akadali m'bulangete,
tinatsamiritsa njinga pakhoma la nyumba ya khofi
ngati mbuzi zodikira ogula.
Filmon ankasisita yake, yakuda bii,
yochokera kwa mkulu wake ku Sweden:
"Inyamule ndi chala chimodzi, uone."
Ya Senait ili ndi chipsera pakhosi
pomwe anaiwotcherera kawiri.
Anaipatsa dzina, koma safuna kutiuza.

Yanga ndi ya bambo.
Chitsulo chokhachokha, utoto unasuluka kale,
tcheni chimalira ngati chili ndi mlandu.

Titatsetsereka mpaka ku Nefasit,
nkhungu itatimeza n'kutilavula,
Filmon anati, "Pobwerera tisinthane."

Ndinakwera nthenga ija.
Ndinkayesa phiri lindipatsa ulemu.
Ayi ndithu, chitunda sichidziwa mtengo wa njinga,
chinandifinya mapapo chimodzimodzi.

Pamwamba ndinamudikira mpaka kuzizidwa.
Anafika thukuta lili kamukamu, osaseka,
n'kutsika pang'onopang'ono.
"Chishalochi chinapendekera kumanzere," anatero.
"Bambo ako ankatsimphina?"

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala pamenepo
osazindikira.
Thupi langa linangozolowera,
kupondereza mwendo umodzi kuposa unzake
monga iwo ankachitira atabwerako kunkhondo.

Senait anasolola sipanala m'thumba.
"Ndichiwongole?"

Ndinagwira chikopa chija, chikadali chofunda.
Kumusi, msewu wa ku Massawa
unkapindikapindika n'kusowa m'mitambo.
"Chisiye," ndinatero.

Tinalowa mumzinda mabelu a tchalitchi akulira,
ine pambuyo pa onse,
nditapendekera pang'ono kumanzere.