Belu la mu Basi

Sukulu inatseka zitseko zake mu Juni, Lachlan.
Inakupatsa chikalata chimene sunathe kuwerenga
ndi keke ya mandimu imene unamaliza wekha.
Zaka khumi ndi zitatu belu linkakuuza
poimirira, pokhala, podyera.
Ndinkagona ndi funso limodzi ngati mwala pachifuwa:
kunja kuno adzakulizira ndani?

Zilembo kwa iwe ndi nyerere zopondedwa pamzere.
Nambala sikisi ikagona chadodolido imadzuka ili naini.
Ndiye Mayi Ogilvie, amene ntchito yawo yonse
ndi kuphunzitsa achinyamata a mu Dundee kukwera basi,
anapinda mapu n'kuwaika m'chikwama.
Anati: tiwerenga mzinda, pepala tilisiye.
Sitolo ya nsomba ya chitseko chobiriwira, khala.
Tchalitchi chakale chimene pano akugulitsiramo makapeti, khalabe.
Mlatho wa pa Tay ukatulukira kumanzere ngati chipeso chachitali,
dina belu.

Masabata atatu anakhala pambali pako.
Kenako mpando wakumbuyo kwako.
Kenako iwo pansi, iwe m'chipinda chapamwamba.
Kenako kunyumba kwawo, tiyi akuzizira pafupi ndi foni.

Lolemba lija la Novembala ndinalumbira kuti sindikutsata.
Ndinanama.
Ndinali magalimoto awiri kumbuyo kwa basi yako,
munthu wa imvi, kubisala ngati wangongole.

Ndipo nkhungu inakwera kuchokera kunyanja
n'kumeza mlatho wonse, osasiya ndi mzati umodzi.
Siteji yako inadutsa.
Ina inadutsa.
Inanso.

Unatsika pamalo posadziwika, pafupi ndi mpanda wa manda,
jekete utamanga mabatani molakwitsa,
ukugwedeza thupi uku ndi uku monga umachitira
dziko likakukulira.
Dzanja langa linali kale pachitseko.
Mayi Ogilvie anandiuza kuti gawo lovuta si lako, ndi langa:
kukhala ndi manja awiri athunthu
osawagwiritsa ntchito.
Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere.

Unapisa m'thumba.
Unatulutsa khadi lija lokutidwa ndi pulasitiki,
n'kuonetsa mayi wina wokoka galu wopunduka mwendo.
Analoza tsidya la msewu.
Unayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso,
n'kuwoloka osathamanga.

Unachedwa mphindi makumi awiri ndi zisanu.
Kapitawo wa kochapira zovala pahotela, Bambo Wieczorek,
sanakusisite pamutu.
Anakuonetsa wotchi, anati mawa usabwereze,
n'kukukankhira ngolo ya matawulo ofunda.
Utandiuza zimenezi madzulo, maso ako ankawala:
anandikalipira, bambo, ngati wina aliyense.

Umapinda matawulo ngodya kungodya, osaphonya,
ndipo sutopa pamene ena atopa.
Sudziwabe kuwerengera chenji.
Kalata ya kubanki ili pa tebulo sabata yachiwiri,
tidzaitsegula limodzi, mwina Loweruka.
Mpunga umaupsereza. Mazira ayi.
Sindikudziwa udzakhala kuti ine ndikadzapita,
ndipo ofesi iliyonse imandipatsa fomu ina
m'malo mwa yankho.

Tikudya, unati osandiyang'ana:
chipewa chanu chofiira chimaoneka ngakhale mu nkhungu.
Mawa mugone.

Ndiye lero ndagona, kapena tinene ndafunda bulangete,
makutu ali pa masitepe.
Ketulo yalira. Supuni yagwa, watukwana pang'ono.
Kiyi walimbana ndi loko, wapambana.
Kunja kukadali mdima, mbalame za kunyanja zikukangana padenga.
Ndikuwerenga nawe chamumtima:
chitseko chobiriwira,
makapeti m'nyumba ya Mulungu,
ndipo mlatho ukapanda kuoneka, siteji yachiwiri pambuyo pake.
Zimenezo unadzipezera wekha.

Penapake pamwamba pa basi
chala chako chili pa batani lofiira,
chikudikira nthawi yake.